Chala cha Mwana Wanga M'diso

Abusa, akulu ampingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri munandizolowera ndi magalasi okhuthala aja. Chaka chino ndinapita ku Lusaka, anandichita opaleshoni ya maso ndi makina a kuwala otchedwa leza kuti ndiwasiye. Adokotala anandichenjeza kuti, "Mayi, musatikite maso, fumbi lisalowe, chinthu chisawagunde. Kachikopa ka pamwamba pa diso sikanagwire."

Amuna anga amayendetsa thiraki, anali atadutsa kale malire pa Mwami. Kunyumba ku Nabvutika ndinali ndi Tamara yekha, mwana wanga wazaka ziwiri. M'mawa wina ndikumumwetsa phala, anaseka n'kunditosa chala m'diso lakumanzere. Abale, ululu wake! Ndinakuwa, ndinamukankha, mwana anagwa pansi. Diso linangochita chifunga.

Ndinabwerera ku Lusaka. Adokotala anabwezeretsa kachikopa kaja, koma anati, "Mwanayo akhale kaye kutali. Zikachitikanso, sindikulonjezani kanthu." Amayi anga anabwera, anapita naye ku Chipangali.

Ndinatsala ndekha. Ndekha, abale. Kunja mphepo ya fumbi, kutuluka ayi, kutchalitchi kuno ayi, foni ndinkalephera kuiyang'ana. Ndinkangokhala m'nyumba mazenera otseka, kumvetsera ana a eni akusewera kuseri kwa mpanda. Wina akaitana "Amama!" ndinkadzidzimuka. Kulira ndinkalira, koma kupukuta misozi ndinkaopa, inkangouma yokha. Inu amayi muli ndi ana, mukundimva? Pemphero langa linali limodzi: "Ambuye, ndisataye diso, mwananso asanditaye."

Diso linapola. Adokotala atandiyeza anati, "Pitani mukatenge mwana wanu."

Nditafika ku Chipangali, Tamara anabisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake. Ankandiopa, abale, mwana wanga yemwe. Amayi anati, "Usamukakamize, khala apa." Ndinakhala pamphasa, tinayamba kuswa mtedza, mtima ukuwawa. Dzuwa litapendeka ndinangomva kamutu katsamira pamsana panga.

"Amama, ndiberekeni."

Ndinamubereka, ndipo sindinamutsitse mpaka tinakwera basi.

Lero ndikuona nkhope zanu mpaka benchi lomaliza uko, kumene Tamara wagona m'manja mwa bambo ake. Ndikuthokoza Mulungu amene anakhala nane m'nyumba muja. Imirirani, abale, sangalalani nane. Amayi, nthungululu zimveke!