Kalata ya ku Korinto

Pa siteji ya Phwezi, a Manase Mhango, mkulu wa mpingo, ankadikira minibasi ya ku Mzuzu. Pafupi nawo panakhala bambo wina wa ku Dedza, amene anawafunsa za ana.

"Wamkulu ndi Ida," anayankha a Mhango. "Akuchita digiri yachiwiri, ya Baibulo."

"Ndiye kunyumba mwapeza m'busa."

"Tapeza loya, bambo. Atabwera ku holide, pa mapemphero a pabanja ndinawerenga paja Paulo akuti akazi akhale chete mumpingo. Iye n'kundifunsa kuti, 'Adada, kalatayi ankalembera ndani? Ku Korintoko kunkachitika chiyani?'"

"Kulifunsa mafunso Baibulo?"

"Akuti ndi mmene amawaphunzitsira. Usanathamange nalo vesi, uyambe wadziwa amene analemba, amene ankawalembera, ndi vuto limene linalipo."

"Inu munayankha chiyani?"

"Ndikanayankha chiyani? Vesi limenelo ndakhala ndikuwatsekera nalo pakamwa amayi ake kuyambira pamene tinakwatirana."

"Musiyitseni sukuluyo, angakupasulireni banja."

"Mwachedwa chomene. Amayi akewo anali pomwepo, anamva zonse. Masiku ano ndikangotsegula Baibulo, amayamba ndi iwo: 'A Mhango, mawu amenewo ankalembera ndani?'"