Wong'amba Zidziwitso ku Syokimau

Munthu waulemu sang'amba chidziwitso cha anthu onse. Koma pa siteshoni ya sitima ku Syokimau, kudziko la eni, bambo wina anamatula pepala loitana anthu ku msonkhano wokavota ngati akuvomereza ngongole yomangira polisi ndi malo a ozimitsa moto. Mayi wachikulire pamzerepo anadandaula m'Chichewa.

"Mwano wotere, munthu wovala tayi?"

"Kodi ndinu akumudzi, amayi? Pepani. Malowo akufuna kumanga kuseri kwa nyumba yathu. Akazi anga anapsa manja pa moto wa mumsika, ndipo akangomva kulira kwa galimoto ya ozimitsa moto amanjenjemera tsiku lonse."

"Tsiku limenelo galimotoyo inafika msanga?"

"Inachokera kutali. Inapeza phulusa."

"Nanga akazi anuwo munawafunsa maganizo awo?"

"Ayi. Ndimaopa kuwakumbutsa."

"Chikondicho ndachiona, mwana wanga. Koma musawasankhire mobisa. Anapsa ndi iwo, akalankhule okha."

Bamboyo anatembenukira anthu, nakweza mawu m'Chiswahili.

"Abale, mapepala amene akhala akusowa pano ndimang'amba ndine. Ndalakwa. Msonkhanowo uliko Loweruka, mubwere. Inenso ndikawauza akazi anga."