Chitsime Chopanda Achule

Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene dimba lathu linkafa, madzi ali odzaza m'chitsime.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ambuya, agogo anga, ndiwo anandilera ku Chipangali. Amayi anatisiyira dimba la repu ndi matimati kudambo, ndipo ndilo linkatidyetsa. Chaka china m'ma 1990 kunabwera anthu ofuna miyala yamtengo wapatali. Anakumba maenje kumtunda kwa dambolo, nasiya milu ya dothi lotuwa, napita. Dzinja litatha, madzi a m'chitsime chathu anayera mbee, mchenga wapansi kuoneka. Ambuya ananyadira, amvekere, "Esinati, Mulungu watisefera madzi!"

Koma repu anayamba chikasu. Akafota, ine ndinkathirira kawiri, osadziwa kuti ndikuwonjezera matenda. Amalume atabwera kuchokera kutauni, ku Kapata, anangoti, "Dimba lafa ili. Mwezi ukatha ndidzamtenga mtsikanayu akagwire ntchito ya m'nyumba." Maso a ambuya anali atayamba kuchita mdima. Ndikanapita, akanatsala okha.

Tsiku lina masana ndinagwada pansi pa mkuyu wa kudimba. Mawu anandithera, ndinangoti, "Ambuye, mukuona." Tulo tinandiba pomwepo. Ndinalota amayi ataima tsidya la mtsinje, khasu lili paphewa, achule akulumphalumpha kumapazi awo. Ankangomwetulira. Nditadzuka ndinamva zii, ndipo ndinazindikira kuti papita miyezi osaona chule kapena mbululu m'chitsime chathu.

Sindine woyankhulayankhula, koma Lamulungu ndinauza a Tembo, amene tinkapemphera nawo, za dimba lathu ndi za kusowa kwa achule. Iwo anali atangobwerera kumudzi, ntchito itawathera kumgodi wa malasha kummwera kwa dziko lino. Kumeneko ankayeza madzi a m'zitsime za alimi ozungulira mgodi, ngati ndi oyenera kuthirira mbewu. Anthu ankawaseka kuti anabwera ndi timabotolo m'malo mwa njinga.

M'mawa mwake anafika ndi timabotolo tomweto. Anaviika kapepala m'madzi athu, ndipo kanafiira ndikuona.

"Mwanawe, achule ako sananame," anatero. "Mvula ikutsuka milu ija, madzi n'kuyenda pansi mpaka kuno. Ndi owawasa ngati bwemba, akuwotcha mizu. Kuyera kumeneku n'chifukwa choti mulibe chamoyo."

Ambuya anagwira pakamwa. "Ndiye ndimayamika Mulungu chifukwa cha poizoni?"

"Ambuya, Iye amamva ndi mapemphero olakwika omwe," anaseka a Tembo.

Tinawoloka mtsinje, iwo akuyeza dambo lonse pang'onopang'ono, mpaka kapepala kanaleka kufiira. Panali pafupi ndi pamene amayi anaima m'maloto aja. A mumpingo anatithandiza kukumba chitsime chatsopano ndi kusamutsa mabedi. Amalume atabweranso anapeza mbewu zaima zobiriwira, ndipo anabwerera okha, atanyamula repu woyamba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu awiri. Ndinakhala ndi ambuya mpaka tsiku limene anagona. Inu amene mukuthirira koma zikufotabe, musataye mtima. Pempherani, ndipo tcherani khutu ngakhale ku zimene zakhala chete. Ine mpaka lero, ndisanamize kheni yothirira m'madzi, ndimayamba ndaweramira m'chitsime, ndipo ndikaona mbululu zikugwedeza timichira, ndimati Ameni.