Mbiri ya Malemu Milad Fanus, ndi Bokosi Limene Atibweretsera

Malemu Milad Fanus Tawadros anabadwa pa 7 Januwale 1939, tsiku limene mpingo wathu umachita Khirisimasi, m'tauni ino ya Beni Sarur, kuseri kwa fakitale ya thonje. Anali mwana woyamba wa malemu achimwene anga a Fanus ndi mayi Damiana, amene tonse timangowatchula kuti amake Milad. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gayed, bambo awo aang'ono. Ambiri mumandidziwa pa sikelo ya thonje, pomwe ndakhala zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuti thumba limene mwini wake akukukaniza kupisamo dzanja, mumakhala mwala. Mawu amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

M'chaka cha 1942, malemu ali ndi zaka zitatu, amayi awo anawabereka kupita nawo ku chikondwerero cha Maria Virigo ku phiri kuja, ndipo anakawatemetsa mphini ya mtanda padzanja lamanja, monga tilili Akhristu tonse kuno. Ine ndinalipo, ndine ndinagwira miyendo. Mwanayo anapalapata kwambiri moti singano inaterereka, mkono umodzi wa mtandawo n'kukhala wautali kuposa unzake. Amayi awo anakhala akuwaseka nazo mpaka atamera ndevu, amati, "Iwe ngakhale utasochera pakati pa anthu chikwi, ndidzakupeza ndi kamtanda kako kopunduka."

Sukulu anayamba mu 1946, pa sukulu ya tchalitchi chino. Sindinama pamaso pa wansembe wathu Abuna Bisada kuti anali anzeru zam'kalasi, ayi. Anaphunzira kuwerenga, kulemba kalata ndi kuimba m'tchalitchi ndi mawu aakulu opanda dongosolo. Mu 1953 bambo awo atamwalira, anasiya sukulu n'kulowa ntchito yosenza mabelo a thonje kufakitale. Pofika zaka makumi awiri anali atatalika moti anzawo anawapatsa dzina loti Kanjedza. Khomo la nyumba yathu analigunda ndi mphumi kosawerengeka, mpaka mng'ono wawo a Zaki, amene ndi kalipentala, analikweza. Chaka chilichonse tikamaliza kuyeza thonje malemu ankakwera okha pa sikelo yanga n'kumati, "Bambo, ndiyezeni, koma musandibere ngati mmene mumaberera alimi." Chaka chomaliza analemera makilo makumi asanu ndi anayi, mphambu zinayi.

Pa 18 Seputembala 1960 anakwatira mayi Afifa, mwana wa a Labib osoka nsapato, muno m'tchalitchi momwemuno. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Tereza, amene tsopano ali ndi zaka zitatu.

Mu Meyi 1963 anaitanidwa ku usilikali, ndipo mu Epulo 1964 anawakweza sitima ya pamadzi kupita ku nkhondo ya ku Yemen. Anthu inu, ine mpaka lero sindidziwa chimene mwana wosenza thonje anakataya m'mapiri a eni ake. Koma anapita osang'ung'udza. Makalata awo ankafika mizere ina itapakidwa inki yakuda, ndipo yotsalayo inkangonena zoti akulakalaka mphodza za amayi awo ndi anyezi wa kuno, n'kufunsa ngati Tereza wayamba kuyankhula.

Tsopano ndafika pa imfa yawo, ndipo apa ndiwerenga pang'onopang'ono, chifukwa ndili ndi mapepala awiri amene sakugwirizana.

Loyamba ndi kalata ya a Hosni, mwana wa a Shehe Radwan a mumzikiti wa kumsika. A Hosni anakula ndi malemu, anakwera nawo sitima imodzi, ndipo pano agonekedwa m'chipatala cha asilikali mwendo utadulidwa. Kalata yawo sinadutse ku positi, inabwera m'thumba la munthu masabata awiri apitawo. Akuti pa 9 Febuluwale chaka chino cha 1965, adani anawalalira pampata wa mapiri awiri. Malemu anabereka mnzawo wovulala kukamuika kuseri kwa thanthwe, ndipo pobwerera kukatenga wachiwiri chipolopolo chinawapeza pachifuwa. A Hosni alemba kuti, "Maso ndinawatseka ndine. Kunyamula mitembo kunali kosatheka, choncho tinamukwirira ndi miyala pomwepo, ine ndi anzanga awiri." Amenewa si mawu a kandimverere, ndi a munthu amene ananyamula miyalayo ndi manja ake.

Pepala lachiwiri labwera dzulo masana ndi a kaputeni amene akhala kutsogoloku, pamodzi ndi bokosi ili lokutidwa ndi mbendera. Likuti malemu anamwalira pa 2 Malichi, m'chipatala. Ndiye ine ndinadzifunsa kuti, kodi munthu amamwalira kangati? Wokwiriridwa ndi miyala mu Febuluwale anadzuka bwanji kukafera m'chipatala mu Malichi?

Poyamba ndinati mwina a Hosni anasokonezeka ndi ululu. Koma potsitsa bokosi m'galimoto ndinaikapo phewa langa. Abale anga, phewa ili layeza thonje zaka zoposa makumi atatu. Ndinachotsera kulemera kwa matabwa, ndinachotsera kuwonda kwa kunkhondo, koma kulemera kwa Kanjedza wathu sikunakwane. A Zaki nawo anangoyang'ana kutalika kwa bokosilo n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, achimwene angalowe umu pokhapokha atawapinda."

Amake Milad anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti aone dzanja la mwana wawo. A kaputeni anati lamulo silikulola kutsegula. Anatulutsa pepala loti mayiwa adindepo chala, kuvomereza kuti alandira thupi la mwana wawo ndipo nkhani yatha. Mayiwa sadziwa kuwerenga, koma anabisa chala chawo m'nsalu. A kaputeni anati adzadinda lero tikachoka kumanda. Anatikumbutsanso mwaulemu kuti dziko lili pankhondo, ndipo wofunsa mafunso ambiri amathandiza adani.

Lero m'mawa a Labib anaitanira a kaputeni ku tiyi ndi nyemba kunyumba kwawo, ndipo mukudziwa nonse kuti a Labib akayamba nkhani samaliza msanga. Nthawi imeneyo a Zaki anatenga zida zawo n'kuzula misomali. Tinalipo anayi: ine, a Zaki, Abuna Bisada ndi amake Milad. A kaputeni, khalani pansi chonde, sindinamalize. Mwabwera kuchokera kutali, mverani mbiri yonse.

M'bokosimu muli mnyamata. Thupi analisunga ndi mankhwala, koma nkhope inawonongeka, pamphumi pokha ndi pamene patsala. Amake Milad sanayang'ane nkhope n'komwe. Anatenga dzanja lamanja, analitembenuza, analipukuta ndi mpango wawo. Panalibe mtanda, wopunduka kapena wowongoka. Anatembenuza lamanzere, panalibenso. Pamphumipo pali chipsera chakuda chija chimene chimabwera munthu akamagunditsa mphumi pansi pa swala zaka zambiri. Ameneyu ndi mwana wa Asilamu, wamfupi, wa manja ang'onoang'ono. Dzina lake sitikulidziwa, ndipo ndikukayika ngati amene anamukhomera m'bokosi akulidziwa.

Ine mtima wanga unawira, sindibisa. Ndinati bokosili alikweze m'galimoto momwe linabwerera, akalitule kumene analitenga. Koma amake Milad anali asanasiye dzanja lija. Anandiuza kuti, "Alamu, mukufuna ayendenso ulendo wina? Mwanayu watopa. Kwinakwake kuli mayi amene akuyang'anabe kumsewu, kapena amupatsa bokosi la mwini wake ngati ine. Musiyeni agone kuno." Ndinachita manyazi, nkhalamba yonse ine.

Choncho banja lagwirizana motere. Mwambo wa muno ndi wa Milad, ndipo Abuna awapempherera ngakhale thupi lawo lili pansi pa miyala ku Yemen. Tikatuluka, bokosi ili tilipereka kwa a Shehe Radwan, amene aima pakhomo paja ndi anthu awo. Akamupempherera mnyamatayu mwa chipembedzo chake n'kumuika m'manda awo, ndipo ife a banja la Fanus tiyenda pambuyo pa jeneza monga eni maliro. Pamandapo sitilembapo dzina la Milad. Pepala lija amake Milad sadinda, lero kapena mawa. Akuluakulu alembe kaye tsiku loona ndi malo oona amene mwana wathu anagwera, ndipo afufuze kuti mayi wa mnyamatayu ndi ndani.

Ndikudziwa zimene zimawaonekera anthu oyankhula chonchi masiku ano. Ngati sabata yamawa simundipeza pa sikelo, musadzamvere zoti ndapita kukacheza kwa abale. Ndilibe m'bale kunja kwa tauni ino.

Malemu asiya amayi awo, mayi Damiana. Akazi awo, mayi Afifa. Mwana wawo Tereza. Mng'ono wawo a Zaki. Ndi ine, amene ndinkayembekeza kuti adzandiika ndi iwo. Tikuthokoza Abuna Bisada, a Shehe Radwan, a Hosni amene anaika moyo wawo pachiswe polemba choona, a Labib chifukwa cha tiyi wawo wautali, anzawo a kufakitale, ndi amayi onse amene agona pansi ndi ofedwa. A kaputeni tikuwathokoza potibweretsera mwana, ngakhale si amene tinawabwereka.

Milad, mwana wa achimwene anga, mzimu wanu uuse mumtendere pansi pa miyala imeneyo. Mwini mtanda adzakuzindikirani ndi kamtanda kanu kopunduka. Nawe mnyamata wopanda dzina, usa mumtendere. Amayi ako sakudziwa kuti ukuikidwa lero, koma usaope, amake Milad akuti akulira m'malo mwawo.

Tiyeni tinyamule. A Zaki, gwirani kumutu. Sakulemera.