Kampira Kakuda ka Ottavio

Olemekezeka akuluakulu a mtundu wa eni nthaka ino, olemekezeka a Meya, wapampando wa Kalabu ya Odula Nzimbe, Mayi Noreen Tuohy, Bambo Mfumu, amayi ndi abambo a kuno ku Queensland, ndi inu kumbuyoko mwayamba kale kusuzumira mowa, ndikukuonani.

Ndikuthokoza kuti pa anthu onse mwasankha ine, Merv Hanrahan, wophunzirira kuwerenga pa manyuzipepala okulungira nsomba, kuti nditsegule holo yokongola chonchi.

Achinyamata simukudziwa. Kale munthu akapempha kulowa kalabu ino, membala aliyense ankapisa dzanja m'bokosi n'kusiyamo kampira, koyera ngati wamufuna, kakuda ngati wamukana. Kakuda kamodzi kokha, basi, khomo latsekeka. Mnzanga Ottavio Zanatta, amene tinkadula naye nzimbe mzere umodzi, ankapempha chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka kakuda kankapezekamo. Mlandu wake unali wobadwira ku Italy.

Mtima wanga wapachala mumaudziwa. Ndinapita ku laibulale kukafufuza amene anayambitsa mwambowu kuti ndimutukwane bwino. Ndinakapeza kuti liwu lathu la Chingerezi loti baloti, la povota lija, n'lobwereka: linachokera ku Chitaliyana, ballotta, kutanthauza kampira, ndipo anthu a ku Venice, kwawo kwenikweni kwa Ottavio, ankasankha atsogoleri ndi timipira kalekale. Ndinakalalata pamsonkhano: "Akuba inu! Liwu n'lakwawo, mwambo n'wakwawo, ndiye mukumutsekera nazo panja?" Anandinyamula n'kundiponya panja, ndipo sindinapondemonso.

Mayi Tuohy atabwera kudzandiitana kuti ndidzatsegule holo ino ndinati, "Popanda Ottavio, riboniyo mukadule ndi mano."

Iwo anati, "Merv, takhala pansi usanaphulike."

Anakafukula bokosi lakale lija, ndipo dzulo adzukulu a amene anatikana aja anavota pa pempho la Ottavio. Timipira tonse toyera.

Nditakamuuza, Ottavio anati, "Aise, mowa adokotala anandiletsa, mawondo anatha, ndikatani mmenemo?" Koma uyo ali apoyo, wafika ansembe asanafike, atamanga ndi tayi yemwe.

Ana inu, sindidziwa kukometsa mawu, koma amene mwasonkha, amene mwasenza njerwa, ndi amene mwaponya koyera, mwandichotsa munga umene ndakalamba nawo.

Tsono ndi mphamvu zimene mwandibwereka, ndikulengeza kuti holo ino yatsegulidwa. Ottavio, nyamuka, nkhalamba iwe, uyambe ndiwe kulowa. Yenda mmene ungathere, ndi a Meya omwe adikira.

Zikomo kwambiri nonse.