Mpango Wobiriwira ku Talca

Mu 1996 dokotala wina wa mumzinda wa Talca anapereka mayi Eduvigis Retamal kupolisi chifukwa chochotsa mimba imene inkafuna kuwapha. Lachiwiri lapitali, mayiwo ali pasiteji ya basi, anaona bambo wina wachikulire atagwira mpango wobiriwira.

“Bambo, kani nanunso ndinu a gulu lathu lomenyera lamulo lochotsa mimba?”

“Gulu liti, amayi? Mpangowu ndautola. Ndili ndi chimfine.”

“Ndiye mukuminira mbendera yathu!”

“Pepani. Koma si munapambana kale? Akuti lamulo likulola pa zifukwa zitatu.”

“Tazitchulani.”

“Mayi akatsala pang'ono kufa, mwana akakhala woti sadzakhala moyo, ndi mwamuna akakhala waulesi.”

“Kugwiriridwa, bambo inu! Chikanakhala cha ulesi, m'zipatala mukanasowa popondapo.”

“Nanga chanu chinali chiti?”

“Choyambacho. Mayi anga lamulo linkawalola, mwana wanga likumulola. Ine ndinagwera pakati, miyezi isanu ndi itatu m'ndende.”

“Anakuneneraniyo anapepesa?”

“Dokotalayo? Timagula buledi malo amodzi. Dzulo anandipempha ndimusiyire malo pamzere, akuti iye ndi wokalamba.”