Tsiku Limene Bambo Anapezeka Akulima ku Manda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Esinala wa ku Nazombe, ndipo ndikufuna ndichitire umboni za matenda a bambo anga, a Mulipa.

Bambo anayamba kunjenjemera manja patangopita nthawi pang'ono mayi atamwalira. Patadutsa zaka, thupi linauma, phazi ankachita kukhwekhwereza. Kuchipatala anatipatsa timapiritsi toyera, akuti kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Koma ine, chifukwa cha chisoni, ndinkati ndikaona kapu ikugwedezeka m'manja mwawo, ndinkawonjezera kena. Kenako anayamba kuiwala. Chichewa chinawathawa, nkumangoyankhula Chilomwe cha ubwana wawo, ndipo ankalonjera anthu amene ife sitinkawaona. Ine mwana wawo ankanditchula kuti "mayi a kuno".

Lachitatu lina masana, ndikuchokera kudimba, ndinamva phokoso. Bambo anali atalowa ku manda popanda chilolezo, khasu m'manja, akupalira pakati pa mitumbira ngati m'munda mwawo. Munthu amene anandiphunzitsa kupemphera, lero anthu akumukuwiza kuti mfiti!

Malume, alongo awo a malemu mayi, anati, "Esinala, mkamwini ameneyu watidya mokwanira. Mkazi wake anapita, akudikira chiyani pano? Loweruka azipita kwawo."

Kwawo kuti? Kutsidya ku Mozambique, kumene nkhondo inamwaza abale onse? Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, pemphero nkukanika kutuluka. Ndinangoti, "Ambuye, Inu simutaya munthu mu ukalamba wake."

M'mawa mwake, atamva za nkhaniyi, kunabwera a Nyirenda, dokotala wochokera kumpoto amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Anayang'ana bambo akuyenda, kenako anapempha kathumba ka mankhwala.

"Mayi, a mwezi wathunthu atha bwanji pa masabata awiri?"

Nditaulula, anagwira pakamwa. Anati matenda onjenjemerawa akakula amafika ndi ku ubongo, munthu nkumaiwala, ndipo mapiritsi amenewa akachuluka amamuonetsa zinthu zoti palibe. Anthu ankafunafuna mfiti, chonsecho dzanja lowonjezera moto linali langa.

A Nyirenda anapita okha kwa malume. "Akulu, tipatseni mwezi umodzi. Ufiti sumvera mlingo wa mankhwala. Bambowa akasintha, mudziwa kuti ndi matenda." Malume anavomera monyinyirika.

Tinachepetsa mapiritsi pang'onopang'ono monga anatilangizira. Alendo osaoneka aja analeka kubwera. Sindinama pamaso pa Mulungu: bambo sanachire, akunjenjemerabe ndipo amaiwalabe. Koma Loweruka lija linadutsa, mwezi unatha, ndipo malume ndi amene anawasemera ndodo yoyendera.

Inu amene mukusamala odwala otere, musatope, ndipo mankhwala musawonjezere mwa nzeru zanu. Ndikuyamika Ambuye, chifukwa dzulo ndikuwasambitsa m'manja, bambo anandiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti, "Esinala, madziwa atentha."